Kudikira Kuti Tsitsi Limere

Chinayamba ndi dzanja. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali asanayambe sukulu, ndiye Lamulungu lina tili m'tchalitchi ndinaona kuti akamachita chizindikiro cha mtanda chala sichikufika pamphumi, chikunjenjemera ngati cha nkhalamba n'kukagunda padiso. Ndinamutsina kuti asiye masewera. Pobwerera ndinamugwira dzanja, linali noninoni ndi thukuta chikhalirecho kunja kukuzizira, ndipo khungu la m'manja linali litayamba kusupuka.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga sanachokenso pa iye. Akamamwa madzi kapu inkagunda mano. Anasiya kusewera ndi anzake, ankangokhala kuseri kwa nkhokwe, dovu likuchucha, ukamuyitana kulira. Mlongo wake anali adakali kubere, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamutambasula tizala kuti ndione ngati nayenso wayamba.

Bambo a anawa amakumba golide m'maenje a kumtsinje, monga amuna ambiri kuno ku Chifunde. Dothi losefa amalisakaniza ndi merikuliyo, timadzi tolemera tonyezimira tija, ndipo timadzito timagwira golide n'kupanga kampira. Kampirako amakawotcha kuti merikuliyo achoke, golide atsale. Kumaenje sawotcha, kuli maso ambiri. Ankawotchera m'kanyumba kanga kophikira, pa kachitini, chitseko chotseka, ine ndikuphika, mwana atanyonyomala pafupi chifukwa ankakonda kuona kampira kakusanduka kachikasu.

Kuchipatala chathu chaching'ono anamuyeza n'kunena kuti si malungo. Anamwino anati kukubwera anthu a ku Tete oyeza mabanja a kumigodi, ndidzabwere naye. Koma asanafike anthuwo kunagwa maliro a amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, ndipo tsiku lometa tinameta tonse, ndi ana omwe, mpala. Tsitsi analikwirira monga mwa mwambo.

Oyeza aja atafika tinapita mbumba yonse. Panali mayi wina wa magalasi, Chinyanja chake chopindikapindika. Anayang'ana mitu yathu n'kuseka.

"Iii, mwandibweretsera maungu okhaokha!"

Atagwira manja a mwana wanga kuseka kunatha. Anati magazi ndi mkodzo zimafuna bokosi lozizira, iwo analibe, anabwera kudzatenga tsitsi la kunkhongo chifukwa silivunda panjira.

Amayi anga anamukoka mwanayo n'kumuika kumbuyo kwawo. "Tsitsi la mwana wa eni mukachite nalo chiyani? Mudzalibweza?"

"Sitibweza, amama. Silitsala."

Ndiye mayi wa magalasiyo anafotokoza pang'onopang'ono, akuonetsa ndi manja. Anati tsitsilo amaliika m'kabotolo kolimba, amathiramo asido, mankhwala owotcha amene amadya chilichonse, n'kutseka zolimba. Kabotoloko amakalowetsa m'makina ofanana ndi otenthetsera chakudya a m'tawuni, koma amphamvu. M'katimo mumatentha, mpweya umafinyana poti ulibe potulukira, mpaka tsitsi limasungunuka n'kukhala timadzi toyera. Timadzito ndi timene makina ena amawerenga kuti muli chitsulo chanji, chochuluka bwanji, ngakhale chikhale chochepa kuposa fumbi.

"Mfiti zenizeni," anatero amayi, akulavula pambali.

Ine ndinafunsa chimodzi chokha. "Mumatsekeranji zolimba choncho?"

"Merikuliyo akamva moto amathawa, mayi. Kabotolo kakangopuma pang'ono, wapita, sitimupezanso."

"Akathawa amapita kuti?"

"M'mphuno mwa amene ali pafupi. M'denga, m'makoma, m'zovala. Saoneka ndipo sanunkha."

Iwo amatseka kabotolo kuti asathawe, ife tinkatseka chitseko tili momwemo. Anandisiyira kathumba ka pepala, anati tsitsi likamera ndikadulitse kwa anamwino, alitumiza. Ndinafunsa za mankhwala. Anati choyamba n'kumuchotsa mwanayo pamene pali utsiwo, zinazo sanafune kundilonjeza.

Kunyumba ndinawauza bambo a anawa zonse.

"Utsi wake uti?" anatero. "Unauonapo iwe? Ine ndawotcha zaka zonsezi, taona, ndikunjenjemera?"

Anatambasula dzanja. Linkanjenjemera pang'ono. Analibweza msanga n'kuliika m'thumba.

"Chimanga cha chaka chino wachiona mmene chapsera. Ndikasiya, tidya chiyani? Tidya tsitsi?"

Si munthu woipa. Anayamba kukawotchera kuseri kwa khola, koma mvula itayamba, ndiponso atamva kuti mnzawo wina amulanda golide panja, anabwerera m'kanyumba muja. Ine ndinkaphikira pansi pa mtengo, mvula ikuzimitsa moto. Komabe mphasa zinali zomwezo, zovala zawo zinkagona ndi zathu, ufa unali utakhala m'menemo miyezi.

Tsitsi la mwana wodwala limamera mochedwa. Ndinkalipapasa, ndikuona tizingwe tofiirira tosafuna kutalika. Atatuluka chipere, amayi anabwera ndi lumo kuti amumete apake mankhwala, ine ndinamumanga duku n'kugona naye chomukumbatira. Tinayambana mpaka anthu anasonkhana. Tsitsi litakwana lodula, ndinapita naye, anamwino anadula kunkhongo n'kumata kathumba kaja.

Yankho silinabwere. Ndikapita amati makinawo ali kutali, kulikulu la dziko, tidikire. Ndikapitanso amati mwina kathumba kadakali panjira. Nthawi imeneyi n'kuti mwana akuyenda ngati woledzera, mawu akutafuna. Kenako m'mawa wina ndinapeza wakhanda uja ali thukuta lokhalokha, m'manja mwake mutayamba kusupuka.

Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ine ndili pamudzi wa amayi anga, ndilibe kwina kumene ndinganene kuti ndikupita kwathu. Ndipo mabanja onse a mbumba yathu amawotcha. Ndinapita kwa atsibweni, mlongo wa amayi, amene ali ndi mawu pa ana athu, n'kugwada. Ndinapempha kuti ana akakhale kwa alamu anga, mlongo wa bambo awo, amene amagulitsa tomato ku Cassacatiza, kutali ndi maenje a golide.

"Ana a mbumba ino akaleredwe kuchimuna ife tili moyo?" anatero. "Ukufuna anthu aziti chiyani? Pepala lake lili kuti lonena kuti ndi utsi?"

Pepala ndinalibe. Ndinayankha kuti ndamva.

M'mawa mwake anthu atapita kumunda ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamunyamula paphewa poti sakanatha kuyenda, mpaka kumsewu, n'kukwera galimoto ya matumba a makala. Sindinatenge bulangeti, mphasa, ngakhale kapu. Titafika ndinawavula zonse, ndinawasambitsa pamjigo ndi sopo, alamu anawafunditsa nsalu zawo. Sanafunse zambiri, anangoti, "Achimwene akudziwa?" Ndinati adziwa madzulo.

Wamng'onoyo ndinamusiyitsa kuyamwa tsiku lomwelo, chifukwa nanenso ndinapuma utsi womwewo ndipo mkaka wanga sindinkaukhulupirira. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino, panalibe womufunsa. Ndinamuphikira phala, ndinawaonetsa alamu mmene angamugwirire kapu wamkuluyo akamamwa. Kwa alamu kulibe malo a munthu wina wamkulu, ndipo munda wa kwathu ndi umene uwatumizire ufa. Ndinamanga mabere ndi nsalu, ndinadzera kuseri kwa nyumba kuti asandione, n'kupita kumsewu kukadikira galimoto yobwerera.