Bambo Anga ndi Kuitana kwa ku Mzikiti

Ndikukumbukira khonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Zingwangwa, pomwe bambo anga ankasokera zovala. Ndidali ndi zaka khumi. Pambali pawo pankakhala telala mnzawo, Che Saidi, Msilamu wa ndevu zoyera. Makina awo ankalira tsiku lonse, fungo la mafuta likusakanikirana ndi la usipa wa mumsika.

Bambo, omwe adalinso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, sankadziwa kudzuka pampando. Akaweramira nsalu m'mawa, ankadzaweramuka dzuwa litapendeka. Koma Che Saidi akangomva kuitana kwa ku mzikiti, ankasiya msoko pakati n'kunyamuka.

"Pitani, achimwene," bambo ankawaseka, "makasitomala anu ndiwalandira ine."

Chaka china, chikondwerero cha ufulu chitayandikira, amayi ovina a chipani adabweretsa mulu wa nsalu. Masiku amenewo kuwachedwetsera zovala amayi aja sinali nkhani yamasewera. Bambo adasoka osapuma mpaka msana udawagwira. Adalephera kuwongoka, dzanja lamanja lidachita dzanzi, ngakhale sizasi imawapulumuka. Ndidalira, chifukwa makina aja ndiwo ankatidyetsa.

Che Saidi adasenza nsalu zotsalazo n'kuzimaliza okha pa nthawi yake. Bambo atapezako bwino n'kubwerera pakhonde, Che Saidi adandikodola.

"Iwe Esinati, ndikupatsa ntchito ukamaweruka kusukulu. Ukandiona ndikupita kokaswali, uziwakoka abambo akowa. Sindikuti alowe Chisilamu, iyayi. Angoimirira, awongole msana, akafike pampope apo n'kubwerako. Makinawa amawathira mafuta, nanga thupi lawo lidalakwanji?"

Ntchitoyi ndidaikonda kwabasi. Mwana wake uti angakane mwayi wolamula bambo ake? Ankanyinyirika, koma ankadzuka ndithu, manja m'chiuno, amayi ogulitsa tomato akuseka kuti mkulu wa mpingo wayamba kutsata nthawi za ku mzikiti. Sipadapite nthawi, adayamba kudzuka okha ine ndisanawakhudze. Msana sudawagwetsenso, ndipo adasoka mpaka ukalamba, maso ndiwo adawasiyitsa.

Lero inenso ndine telala kuno ku Chilomoni, ndipo ndidazindikira kuti khama lopanda kupuma limadya mwini wake yemwe. Lamulungu ndimaimba kwaya kutchalitchi kwathu. Koma mzikiti ukangoitana, phazi langa limachoka lokha pachopondera, ndipo ndimaimirira, manja m'chiuno, ngati bambo.