Kabokosi ka M'thumba la Shati

Makutu anga anayamba kutuluka mafinya ndili mwana. Nditadwala chifuwa chachikulu, ndili mphunzitsi kale ku Kasakula, majakisoni a miyezi yambiri anamaliza kumva komwe kunatsala. Ana akamayankha m'kalasi, ine ndinkangoona milomo ikugwedezeka. Ahedi anayamba kunena zoti ndipume pantchito. Kupuma, tsitsi lisanayambe n'imvi zomwe? Ndinakana.

Dokotala wa kuchipatala cha mishoni anandiuza, mochita kukuwa, kuti mavuto anga ndi awiri. Kachikopa ka m'kati mwa khutu kanabooka. Mankhwala odonthezera angaumitse mafinya, ndipo opaleshoni ya kutauni ingatseke bowolo. Koma mtsempha womvera unafooka, ndipo umenewo palibe mpeni woukonza. Ndinasankha mankhwalawo ndi kabokosi kothandiza kumva, kokhala m'thumba la shati, ka waya wokwera mpaka kukhutu.

Tsiku loyamba ndinamva ngakhale nkhuku zikupalasa. Koma anthu ndiwo anatseka pakamwa. Masiku amenewo liwu limodzi lolakwika lonena za boma linkatha kumusowetsa munthu, ndiye mphekesera inafala yoti kabokosi kanga kamajambula mawu n'kutumiza kwa akuluakulu. Ine gonthi ndi amene ndinasanduka kazitape! Ndikangofika pamsika, nkhani zonse zinkasanduka za mvula. Zinandiwawa, ndipo mtima unandipsa.

Mkazi wanga anati, "Ingokavulani, bambo, anthu aiwale."

"Ayi," ndinamuyankha, "sindibwerera kuugonthi chifukwa cha mantha a eni."

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, ndinaima pakhomo n'kutsegula kabokosi kaja pamaso pa onse, aone kuti muli kabatire basi. Kenaka ndinawapatsa mmodzimmodzi kuti aike kukhutu, kuyambira akulu a mpingo. Ena anadzidzimuka, ena anaseka, ena anakana ngakhale kukakhudza. Sindinatope, ndinachita zomwezo masabata atatu otsatizana.

Tsiku lina ndikuweruka kusukulu, mnansi wanga, mlimi wa fodya amene anali atasiya kundipatsa moni, anandiimitsa m'njira. Anaunguza uku ndi uku, n'kuyang'anitsitsa waya wa pakhosi panga. Kenaka anasendera pafupi.

"Aphunzitsi," ananong'ona, "mng'ono wanga adamutenga, uno mwezi wachitatu. Komwe ali sitikukudziwa. Mungandilembereko kalata yofunsa kuboma?"

Ndinamva liwu lililonse.

"Tiyeni kunyumba," ndinatero, "pepala lilipo."