Galu Samwalira

Ndikukumbukira mbama yoyamba imene bambo anga anandimenya, ndipo inali ya liwu limodzi lokha. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'komboni ina ku Kabwe, m'dziko la Zambia, kufupi ndi chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi wakale. Nyengo ya mphepo fumbi la pachimulupo linkatera pa zovala zoyanika, pa masamba a m'dimba, mpaka m'mano. Tinkangolavula n'kupitiriza kusewera.

Bambo anali kalipentala, ndipo ntchito imene inkatidyetsa kwenikweni inali yokhoma mabokosi a maliro. Agogo anga aamuna anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito pamgodi, ndipo chuma chokha chimene anasiyira mwana wawo chinali Chichewa. Bambo ankachisamala ngati mbale ya alendo. Kumsewu tinkalankhula zosakaniza za m'tauni, Chibemba pang'ono, Chizungu pang'ono, koma ukalowa pachipata cha kwathu unkayenera kuwongola lilime.

Mayi ankagulitsa tomato ku Ngungu, choncho ndikaweruka kusukulu wolera mng'ono wanga Nelia ndinali ine. Nelia anali ndi zaka ziwiri, kamtsikana kolongolola kamene kankadziwa kale mayina a anthu onse a mumzere wathu. Mnzake weniweni sindinali ine ayi, anali galu wathu wofiira, Tidzaona. Awiriwa ankakonda kuseri kwa nyumba, pamene dothi linali lotuwa ndi losalala. Nelia ankalitapa n'kuika mkamwa, ati switi. Galu ankamunyambita zala n'kumakumba pomwepo. Ndinkawakalipira, koma pakati pa mwana ndi galu amamva ndani?

Tidzaona ndiye anayamba. Analeka kudya, anayamba kusanza, kenako kuyenda mozungulira, akuomba mutu pakhoma ngati sakuliona. Tsiku lina masana anagwa pansi, miyendo ikuphiriphitha, thovu likutuluka kukamwa, mano akukukutika. Atasiya kugwedezeka ndinathamangira kushedi kumene bambo ankapala thabwa.

"Adadi, Tidzaona wamwalira. Mundipatseko timatabwa timuike."

Mbama inafika ndisanatseke pakamwa.

"Galu samwalira. Galu amafa. Kumwalira n'kwa munthu, wamva? Ukufuna kutilaula pakhomo pano?"

Ndikusisima, ndinanena chimene chinkandiopsa kwenikweni: kuti galuyo ankadya dothi limodzi ndi Nelia, ndipo Nelia nayenso masiku amenewo ankalira m'mimba ndi kukana phala. Bambo anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Usadzayerekezenso mwana wanga ndi galu."

Bana Mulenga, mayi a nyumba yoyandikana nafe, anali atasuzumira pampanda. "Ni imbwa chabe iyo, iwe mwana," anatero, akunena za galuyo. "Yadya poizoni ya makoswe. Kaitayeni, izayamba kununka."

Bambo anamanga Tidzaona chingwe kumwendo n'kumukoka mpaka kuchimulu. Palibe amene anafunsa chimene chinamupha, ndipo ine ndinatseka pakamwa monga anandiuzira.

Sipanapite nthawi yaitali, Nelia anagwa kuseri kwa nyumba komweko. Miyendo kuphiriphitha, maso kutembenuka, thovu kukamwa, mano kukukutika. Zonsezo ndinali nditaziona kale, chimodzichimodzi, ndipo ndinkadziwa kumene zimathera. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa.

Kuchipatala anamutenga magazi. Zotsatira zitabwera, nesi wina wachikulire anafunsa bambo, ine ndili chiimire pambali pawo.

"Pa nyumba palibe nkhuku olo imbwa yamene inafa so chabe?"

Bambo anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, ndipo ndinafotokoza zonse za Tidzaona.

"Manje munenze kuti?" anatero nesiyo. "Ni lead iyi, ili mu doti. Ija imbwa yenze kumiuzani. Sembe munabwela pamene inafa..."

Sanamalize, ndipo panalibe chifukwa chomalizira. Mtovu wa mgodi, umene nesiyo ankautcha lead, unali m'dothi la kuseri kwa nyumba yathu, ndipo unali utafika kale m'mutu mwa mwanayo.

Nelia anatuluka m'chipatala, koma mawu ake ambiri anatsala komweko. Mwana amene ankadziwa mayina a mzere wonse anaiwala ngakhale langa. Kusukulu anabwereza kalasi yoyamba mpaka aphunzitsi anatopa naye. Ankagwa pafupipafupi. Thupi linakula, iye n'kumangoyendayenda mumsewu akutola zivindikiro za mabotolo. Ndipo ine, amene ndinaleredwa kutchera khutu ku mawu, ndinamva mmene anthu anamusinthira pang'onopang'ono. Poyamba ankati, "Nelia wabwera." Kenako anayamba kunena kuti, "Chabwera chija." Ana ankamugenda ndi miyala yomweyo imene ankagendera agalu.

Nelia anamwalira atatha kale msinkhu, nyengo ya mvula, matenda ake atamugwetsera m'ngalande yodzaza madzi. Bambo anakana kuthandizidwa, bokosi anakhoma okha. Ine ananditumiza ku Ngungu kukauza achibale a mayi, ndipo m'minibasi ndinamva kondakitala akuuza dalaivala, osadziwa kuti ndine ndani.

"Wamvela? Chija chofunta cha kwa kalipentala chafa."

Chafa. Dalaivala anangogwedeza mutu n'kukweza wailesi. Palibe amene anamenya munthu mbama. Ndinakwiya moti ndinatsika ndisanafike, ndipo njira yotsalayo ndinayenda wapansi.

Nditabwerera ndinawapeza bambo kushedi akusalaza chivindikiro cha bokosi. Ndinawauza mawu a kondakitala aja monga ndinawamvera, ndipo sindibisa, ndinkafuna awawidwe. Sanakweze mutu. Anapitiriza kupala thabwa limene linali litasalala kale, kenako analankhula ndi mawu otsika.

"Galu uja ndinamukoka ndi chingwe."

Sitinakambenso za nkhaniyo mpaka tsiku limene iwonso tinawaika m'manda.

Lero ndine mayi, ndipo sindinena kuti galu ndi munthu. Nyumba itati ipse, ndingathamangire mwana, osati galu, ndipo sindingachite nazo manyazi. Bambo sanalakwitse Chichewa. Koma ndinazindikira kuti mawu awiri aja, kufa ndi kumwalira, sangosiyanitsa imfa ya nyama ndi ya munthu. Amatiuza amene tiyenera kufunsa chamupha ndi amene tingomukoka ndi chingwe. Ndipo malire amenewo sakhala pamodzi. Anthu amawasuntha mmene afunira, mpaka tsiku lina umapeza kuti mwana wako ali tsidya linalo. Dothi la kuseri kwa nyumba yathu silinkadziwa Chichewa, linawadya onse awiri mofanana.

Pakhomo panga nkhuku ikagona chagada m'khola, ndimati yafa, monga bambo anandiphunzitsira. Koma sindiitaya ndisanafunse chaipha. Ndipo ndisanachite china chilichonse, ndimaitana ana anga onse, ndiwaone m'manja ndi mkamwa.