Matiresi Anga pa Khoma la Wailesi

Ndikukumbukira fungo la matiresi atsopano. Anandigulira ndi azakhali anga, amene ankachapa zovala pa loji ina ku Kande, nditangosankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Anabwera nawo pa matola akadali m'pulasitiki, ndipo ine sindinalole ngakhale mng'ono wanga kuti awakhudze. Ndinawaimika kuseri kwa chitseko n'kupitiriza kugona pamphasa. Ndinkafuna ndikawayambe kusukulu.

Vuto la pakhomo pathu linali Ada, bambo anga. Mowa sankamwa, mwana sankamenya, ndipo ku Bandawe anali mkulu wa mpingo. Matenda awo anali wailesi. Zaka zimenezo anthu a ku Chintheche anali atatsegula kawailesi kawo m'chipinda chomwe kale chinali golosale, ndipo onse ogwira ntchito kumeneko anali ongodzipereka. Ada ankaulutsa pulogalamu ya asodzi m'mamawa asanapite kukaphunzitsa: za mphepo ya mwera, za maukonde oletsedwa, za amene bwato lake lasowa. Masana kunkabwera mauthenga a maliro, kenako makwaya, omwe ankakangana sabata ndi sabata kuti mpingo uti wapatsidwa nthawi yaitali. Wofuna kupereka moni pawailesi ankalipira ndi zomwe ali nazo, wina mbale ya usipa, wina chinangwa chonyika, moti situdiyo inkanunkha ngati kugombe.

Chilichonse chosowa kuwailesi chinkachokera kwathu. Wotchi ya pakhoma inapita. Mipando ya pabalaza inapita, alendo tinkawakhazika pamtondo. Batire lomwe tinkawunikira powerenga linapitanso. Ama, mayi anga, akadandaula, Ada ankayankha mofatsa kuti wailesi ndi ya tonse, ndipo kufatsa kumeneko n'komwe kunkapweteka kwambiri, chifukwa munthu wofatsa sukangana naye.

Tsiku lina ndikuchokera kokazula chinangwa, ndinapeza kuseri kwa chitseko kuli mbee. Ama sanandiyang'ane n'komwe. Anangoloza ndi mlomo njira ya kumsika.

Ada anandifotokozera madzulo ake ngati akuphunzitsa kalasi. Kunkabwera alendo a bungwe lina kudzaona ngati angathandize wailesi ndi magetsi a dzuwa. Koma mawu m'situdiyo ankamveka ngati munthu akuyankhulira m'mgolo, chifukwa matileyi a mazira omwe anamata kukhoma anali atadyedwa ndi chiswe. Matiresi anga, iwo anati, angogwirizira mpaka alendowo atadutsa.

Alendowo sanabwere sabata imeneyo. Sanabwerenso yotsatira. Mvula inagwa, mpunga ku Limphasa unakula, anzanga anayamba kulemba mayina awo pamasutikesi. Ine ndikafunsa, yankho linali lakuti, “Mawa, mwana wanga.” Chondiwawa china n'chakuti anthu panjira ankayamikira Ada kuti masiku ano mawu akumveka bwino.

Loweruka lomaliza, sukulu ikutsegulidwa Lolemba, wailesi inakonza tsiku lopempha thandizo. Kuyambira m'mawa ankangoulutsa nyimbo ndi madandaulo, kuti mafuta a jenereta atha, denga likudontha. Anthu anali atatopa nazo. Panja pa situdiyo ndinangopezapo mbuzi ndi njinga ya a Longwe, amene ankayang'anira makina. Ndinakankha chitseko osagogoda.

M'katimo munali motentha, mukununkha thukuta ndi nsomba. Ndipo matiresi anga anali pomwepo. Sanawaimike ayi, anawakhomera kukhoma ndi misomali yoboola zitsekerero za mabotolo. Pulasitiki anali atang'amba. Pakati anadulapo chibowo chonga mbale, chodutsira mawaya.

Pamwamba pa chitseko panali babu lofiira losonyeza kuti anthu ali pamphepo, koma linapsa kalekale ndipo palibe anagula lina. Ndinaona Ada akundikupizira dzanja, a Longwe atagwira pakamwa, ine n'kumayesa akundithamangitsa. M'pamene ndinapsa mtima zenizeni.

“Ada, ine ndikagona pa chiyani?” ndinakuwa m'Chitonga chosasakaniza. “Wotchi munatenga, tinakhala chete. Mipando munatenga, abusa anakhala pamtondo. Batire munatenga, mayeso ndinawerengera koloboyi. Tsopano matiresi anga mwawakhomera ngati chikopa cha mbuzi! Wailesi ndi ya tonse, nanga bwanji katundu akuchokera nyumba imodzi?”

Ada anandiyang'ana, anayang'ana maikolofoni, kenako anakonza kukhosi. Ine ndinkadikira kuti apepese, kapena andikalipire. Iwo anasendeza mpando, ndi mawu awo okoma aja a pawailesi anati, “Omvera athu, mwadzimvera nokha. Ameneyu ndi Wezi, mwana wanga woyamba, akupita ku Fomu 1 mkuja. Amene muli ndi bulangete lakale, chiguduli kapena mkeka, bwerani mudzawombole matiresi a mwanayu.”

Ndinatuluka chothamanga, koma kothawira kunalibe. Pa telala wailesi inali yotsegula. Pa chigayo chimodzimodzi. Amayi ogulitsa usipa anaimirira kuti andione bwino, wina akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinadutsa msika wonse nditazyolika, khutu lililonse likuyaka moto.

Kunyumba ndinapeza Ama atakhala pakhonde, kawailesi kali pamiyendo. Ndinaima patali, chifukwa mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo sakalipira bambo ake pagulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa.

“Waiwala ketulo yanga,” anatero.

Zomwe zinachitika masana amenewo ndinachita kumva, chifukwa sindinatulukenso. Akuti anthu anakhamukira kusitudiyo ngati kuli ukwati. Anabweretsa mabulangete, masaka, mikeka. Asodzi anapereka mafuta a jenereta. Woyang'anira loji ina anatumiza matiresi akale omwe alendo sankawafunanso. Gogo wina anayenda kuchokera ku Bandawe ndi babu m'thumba la malaya. A komiti anati chiyambire wailesi sanaone tsiku lotero, ndipo anathokoza Ada chifukwa cha luso lawo. Ada! Ine amene ndinachita manyazi, palibe anandipatsa ngakhale chitumbuwa.

Matiresi anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi, atamangidwa pa njinga ya a Longwe. Anali ndi timabowo ta dzimbiri m'mbali monse, chibowo chija chili pomwe pamafika msana. Ndinkatsekapo ndi juzi yakale, ndipo ndinagonapo choncho mpaka Fomu 4. Usiku woyamba mtsikana wa bedi loyandikana nane ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa kuti ndani wabisa usipa.

Ndinkaganiza kuti ndikadzabwera ku holide anthu adzakhala ataiwala. Sindinadziwe kuti a Longwe anajambula zonse pa kaseti. Chaka chilichonse, tsiku lopempha thandizo likafika, ankandiulutsanso ndikukuwa za chikopa cha mbuzi. Dzina langa lenileni linafera pomwepo. Mpaka lero, ndine mayi wa ana atatu, ndikatsika basi pa Chintheche amayi achikulire amandiitana kuti Nyamatiresi.

Zinthu zasintha tsopano. Wailesi ili m'nyumba yakeyake, makoma ake anamatidwa bwinobwino, magetsi ndi a dzuwa. Wofuna kupereka moni amangotumiza pa foni, ndipo achinyamata oulutsa mawu sadziwa n'komwe kuti kale munthu ankalipira ndi chinangwa. Kupempha kokha n'komwe sikunathe. Ada anakalamba, maso akuvuta, koma sanapepese ndi tsiku limodzi lomwe. Akamacheza ndi anzawo amanyadira kuti mwa onse amene anawaphunzitsa kuyankhula pawailesi, wopambana anali mwana wawo.

Chaka chatha anyamata a kuwailesiko anandiimbira foni. Ankakonza chikondwerero, ndipo ankafuna ndikanenepo mawu monga mmodzi wa amene anamanga wailesiyo. Ndinawathokoza, ndinawatumizira kangachepe, koma kupita ndinakana. Ndinawauza kuti ine zanga ndinanena kale.