Singano ya m'chipinda cha opalasa njinga

Inandibaya pa chala chapakati, kupyola golovesi, pamene ndinkakanikiza zinyalala kuti ndimange thumba. Sinapweteke kwenikweni. Ndinayesa ndi phini. Koma nditatsegula thumbalo ndinaona sokisi yakuda yokulungakulunga, ndipo pakati pa sokisiyo panatulukira nsonga ya singano ya jakisoni.

Nthawi imeneyo ndinkakonza zipinda mu hotela ina kunja kwa Leicester. Mwana wanga wamkazi anali asanayambe kukwawa, akuyamwabe, ndipo m'mawa ndinkamusiya kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Braunstone, ine n'kuthamangira basi. Bambo ake ankagwira ku weyahausi yosungira katundu ku Corby.

Sabata imeneyo kunabwera anthu a mpikisano wa njinga, uja amapalasa tsiku ndi tsiku, lero tauni ino mawa tauni ina. Timu ina inagona ku hotela kwathuko. Panja panaima chibasi ndi lole, azibambo akutsuka njinga ndi mipope mosamala ngati akusambitsa makanda. Ndinkagwira ndi mayi wina wa ku Zambia, wamkulu kwa ine, ndinkangowatchula anti. M'mawa umenewo tinaima pa windo kuonerera anyamatawo akukwera basi, anti n'kundigunda ndi chigongono.

“Ona mendo, mwana. Nkhuku ya pa msika ili na nyama kupambana aba. Manje mphamvu bazichosa kuti? Ni nyeleti chabe.”

Nyeleti ndi jakisoni m'kayankhulidwe kawo. Ndinaseka. Sipanapite nthawi yaitali, anti omwewo anali atandigwira mkono m'bafa, chala changa pansi pa mpope, akukuwa kuti supavaiza abwere.

Supavaiza anaika sokisi ija m'kabokosi, tonse atatu n'kutsikira panja. Basi inali itapita kale ndi anyamata aja. Kunatsala lole, ndi bambo wina wa timuyo akulongedza. Anasuzumira m'kabokosimo, manja ake n'kuwabweza kumbuyo ngati muli njoka. Anati si yawo. Anati pa masewera awo jakisoni ndi woletsedwa, m'timu mwawo mulibe munthu wogwira singano, mwina ndi ya mlendo amene anagonamo kale. Ine Chingerezi chinandithawa. Ndinkafuna kunena kuti thumba la m'bini imeneyo ndinaika ndine dzulo lake, latsopano, lopanda kanthu, koma pakamwa pankangotuluka kuti pepani, pepani bwana, ndili ndi mwana. Iye anandiyang'ana chala, n'kutseka chitseko cha lole.

Kuchipatala nesi anali munthu wabwino. Ananditenga magazi, n'kundibaya katemera wa matenda a chiwindi. Kenako anafunsa ngati ndikumudziwa mwini singanoyo. Anati mwini wake atavomera kuyezedwa, tikhoza kudziwa msanga. Kupanda apo ndiyenera kudikira miyezi, n'kudzayezedwanso, chifukwa matenda ena saoneka nthawi yomweyo.

Ndinafunsa za kuyamwitsa. Anati chiopsezo ndi chaching'ono kwambiri, amayi ambiri amapitiriza.

“Ndiye kuti palibe?”

Anati sanganene kuti palibiretu. Anati ndisankhe ndekha.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Chaching'ono kwambiri sindidziwa kuti chimatha pati. Chimene ndidziwa n'chakuti mkulu wanga kumudzi anali ndi kamnyamata kamene ndinkakabereka ine, ndipo anthu anati kachilombo kanakapeza kudzera m'bere, ndipo tinakaika m'manda kasanayende. Nesi akuyankhula, ine ndinkaona kamwanako.

Nditakamutenga wanga madzulo, anandilumphira, mutu m'bulauzi, kufunafuna monga mwa masiku onse. Mabere atadzaza mpaka kuwawa. Ndinamutembenuza kuti ayang'ane kutsogolo, ndipo analira m'basi monse, anthu akutiyang'ana. Ndinatsika pa shopu n'kugula botolo ndi mkaka wa m'chitini.

Bambo ake atamva anakhala pansi nsapato za kuntchito zili kuphazi.

“Koma nesi wati yamwitsa.”

“Sanatero. Wati ndisankhe.”

“Ndiye sankha kuyamwitsa, amake mwana. Taona mmene akulirira.”

“Inu mukandilonjeza kuti palibe, ndimupatsa pompano. Lonjezani.”

Sanalonjeze. Anatenga botolo lija n'kuyamba kumunyengerera, mwana akulavula, akupinda msana, maso ali pa ine. Ndinakadzitsekera m'bafa n'kutsegula mpope kuti ndisamve.

Hotela inalembera timu ija. Yankho linabwera lomwe lija: si yathu. Ndinapempha supavaiza kuti angondiuza amene anagona m'chipindamo, chifukwa munali mabedi awiri, koma anati lamulo silimulola. Anti ndi amene anandimasulira, tikuyala bedi.

“Iwe, sibangavomele. Olo ikhale ya mavitamini. Bakangoti ni yathu, mailo manyuzi yonse yazakamba ati mankhwala yopasa mphamvu, nchito ya mwana wabo yasila. Manje iwe na chala chako ndiwe ndani?”

Ankatanthauza kuti mawa lake nkhani ili m'manyuzi, ntchito ya mnyamata wawoyo yatha. Sananene mwachipongwe. Anakoka shiti mwamphamvu mpaka inandipulumuka m'manja.

Mkaka sindinafune kuti uume. Ndinkati ndikangoyezedwa bwino, ndimubwezera. Ndiye ndinkafinya m'sinki, kunyumba, kuntchito pa buleki, kufinya n'kutsegula madzi, mkaka wabwinobwino woyera ukupita ku dzenje, mwina wabwino mwina woipa, ndani akudziwa.

Lamulungu lina apongozi anaimba pa foni ya kanema kuchokera kumudzi. Anaona botolo m'kamwa mwa mdzukulu wawo. Anayandikitsa nkhope mpaka tinkangoona mphuno.

“Chimenecho n'chiyani? Mwamuletsa kale? Aaa! Mwatumbiza eti? Mwana sanakwawe n'komwe inu mwaika kale wina! Kuzizira kwa kumeneko kwakupusitsani, ana inu.”

Bambo ake anaseka chiseko chopanda mchere n'kundiyang'ana. Ine ndinaweramitsa mutu ngati wamanyazi. Ndinawasiya aganize choncho. Ndikanatchula singano ndi kuyezetsa magazi, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukanamva kuti mkazi wa uje ku Ulaya anatenga. Kutchalitchi nakonso azimayi anayamba kundipatsa moni maso ali pamimba, wina mpaka kundibweretsera jinja kuti ndizitafuna m'mawa.

Patapita masabata, bambo ake anandionetsa pa tivi kuti timu ija ili pa mpikisano wina kunja, waukulu, wa m'mapiri. Anangofuna kundionetsa basi, koma ine ndinakakamira. Ndikaweruka ndinkathamanga, mwana pamiyendo, botolo m'dzanja, maso pa malaya a timu ija. Za mpikisano sindinkazimva. Wotsogola ndani, chifukwa chiyani ena akudikirana, kaya. Ine ndinkayang'ana milomo ngati ili ndi zilonda. Ndinkayang'ana khungu, ndi tsitsi akavula chipewa. Kwathu tinaphunzira kumuona munthu wodwala asananene, ndipo anyamata amenewa onse, onse, anali ndi masaya olowa, nthiti zowerengeka akatsegula zipi, timikono ngati bango. Akanakhala pa msika wa kwathu anthu akanagundana zigongono. Komatu ndi omwewo akukwera phiri limene minibasi ingazimire pakati.

Ndipo sindinkadziwa kuti wanga ndi uti. Ndinkamutchula choncho mumtima, wanga. Mwinanso sanabwere n'komwe ku mpikisano umenewo.

Tsiku lina mmodzi wa iwo anatsalira, n'kuima, n'kutsika pa njinga, n'kulowa m'galimoto atagwira kumaso. Ndinaimbira bambo a mwana wanga ali pa shifiti, kuimba, kuimba, mpaka anayankhira m'chimbudzi monong'ona.

“Wadwala! Mmodzi wadwala, wasiya!”

“Mwana?”

“Wa njinga!”

Kenako anati, “Amake mwana, undichotsetsa ntchito chifukwa cha mzungu wotsegula m'mimba?”

Tsiku lina tinali tonse. Pa phiri lalitali, wina wa malaya omwe aja anangodzuka pa chishalo n'kuwasiya anzake onse ngati aima. Anzakewo malilime kunja, iye pakamwa potseka. Bambo a mwana wanga anamenya ntchafu.

“Iii, uyu ayi! Uyu si phala lokha. Ngakhale wa kabaza wothawa apolisi safika apa.”

Anandimasulira zimene ankanena oulutsa aja, kuti anthu ena akufunsa mafunso, ena akuti n'zosatheka thupi la munthu kuchita zimenezi, koma mnyamatayo amayezedwa magazi pafupipafupi ndipo sanapezekepo ndi kanthu.

Mawu amenewo anandikhala. Amayezedwa pafupipafupi. Ndiye kuti pali anthu ambirimbiri, madokotala, a ma ofesi, amene akudziwa zonse za m'magazi a mnyamata ameneyu, ndipo ine ndekha amene ndikuzifunadi ndilibe pofunsa. Ndinapezeka ndikupemphera, mwana ali m'manja, pemphero limene sindinganene kwa abusa. Ambuye, singano ija ikhale ya ameneyu. Akhale wachinyengo. Munthu wachinyengo wa ndalama zake ali ndi madokotala omusamala, magazi ake ndi oyera kuposa anga, singano yake ndi yatsopano. Akhale iyeyo, Ambuye, asakhale uja walowa m'galimoto.

Atafika pamwamba anakweza manja, anthu akukuwa. Kenako anamufunsa mafunso ali ndi thaulo m'khosi. Ndinayandikira tivi mpaka mwana anagunda galasi ndi dzanja. Anali kamnyamata, kochepa msinkhu kwa ine, kakumwetulira, kakuti zikomo kwa amayi ake. Mwina sanagwirepo singano chibadwire. Nkhope sinandiuze chilichonse.

Mpikisano unatha, iwo anapita kwawo. Ine ndinapitiriza kufinya, koma mkaka unkachepa. Poyamba unkathamanga, kenako unkadontha, kenako mpaka nditakanikiza kwambiri. Anti anandipangira chibwantu, thobwa la kwawo, mayi wa kutchalitchi uja anati ndizidya mtedza. Ndinayesa zonse. Bere limafuna kamwa la mwana, silimva zala.

Foni ya kuchipatala inandipeza pa khonde la hotela, ndikukankha ngolo ya mashiti. Anati magazi omaliza aja ali bwino, zonse zili bwino, palibenso chobwerera. Anti anaponya mapilo m'mwamba n'kuyamba kuvina pakati pa khonde, supavaiza akuti chonde kuli alendo. Ine ndinapempha kuweruka msanga.

Kunyumba sindinavule n'jekete lomwe. Ndinakhala pa sofa, n'kumukweza pamiyendo, n'kutsegula mabatani. Apa n'kuti akuimirira chogwirira mipando, mano atamera. Analiyang'ana. Analigwira ndi chala, kulikankha ngati batani la chidole, n'kuseka. Ndinamuyandikitsa mutu, iye n'kuubweza. Ndinamuyandikitsanso, ndikumuimbira, ndikumuuza kuti ndi lako ili mayi, ndi lako lomwe lija, talawa. Anayamba kukwiya. Ndinafinya kuti mwina akamva kukoma akumbuka, koma sipanatuluke kanthu. Ndinafinya linalo.

Bambo ake anali ataima pakhomo la kukhitchini. Anati, “Bola uli bwino, amake mwana. Tithokoze.” Kenako, motsitsa mawu, “Ndiye kuti nthawi yonse ija unali wabwinobwino mkakawo.”

Mwana anali atatsetsereka kale pamiyendo panga, akukwawira kwa iwo, akuloza pa shelefu pamene pamakhala botolo, akulira. Ndinamanga mabatani n'kukatereka madzi.