Makina Anakana Zala Zanga

Ku kampani yochapa zovala kumene ndinkagwira ntchito anaika makina odindapo chala pakhomo. Amuna oyendetsa magalimoto ankangodinda kamodzi, makinawo n'kuwazindikira. Koma ine ankandikana, chifukwa sopo anali atafufuta mizere ya zala zanga.

"Mama, lero simunabwere," anatero kapitawo, akundiyang'ana m'maso.

"Nanga mukulankhula ndi ndani?"

"Ine ndikukuonani, koma makina sakukuonani."

Tinayesa zala zonse khumi, osatheka. Pomaliza ndinavula nsapato, ndinakwera pampando, ndipo makinawo analandira chala chachikulu chakuphazi. Kuyambira pamenepo ndinkachoka kunyumba kwanga ku Iminyela nditavala thalauza mkati mwa siketi. Ndikafika, azimayi anzanga awiri ankandigwira m'mikono kuti ndisagwe pokweza mwendo.