Chitini cha Maputi

Ndikukumbukira chaka cha kolera, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Budiriro, dera lina la m'tauni, m'chipinda chimodzi chakuseri kwa nyumba ya Mai Rudo, mayi wachishona wamasiye amene ankalera adzukulu atatu. Tinafika pamenepo titachotsedwa pa famu ya fodya pomwe bambo ndi amayi anabadwira. Agogo ndiwo anachokera ku Malawi, koma ife dzikolo tinkangolidziwa dzina. Bambo ankalawirira kukakankha ngolo kumsika wa ku Mbare, amayi ankagulitsa tomato ndi masamba patebulo pageti, ndipo ine, popeza aphunzitsi anali atasiya kubwera kusukulu, ntchito yanga inali yotunga madzi.

M'mipopi munali mutauma kalekale. Madzi tinkakatunga pamjigo, womwe kuno timati chibhorani, ndipo mzere wa zigubu unkakhota mpaka kuseri kwa mashopu. Anthu azaumoyo ankadutsa ndi chimkuzamawu n'kumabwereza uthenga umodzimodzi: wiritsani madzi, sambani m'manja, ndipo munthu akayamba kusanza kapena kutsekula m'mimba musabise. Ine ndinali mwana wokonda kukhoza, amene ankakweza dzanja aphunzitsi asanamalize funso. Uthengawo ndinauloweza ngati vesi. Ndinali nditaonanso bambo wina wa mumsewu mwathu akutengedwa pa wilibala, miyendo ili lendelende, ndipo sanabwerere.

Tsiku lina m'mawa, bambo atangotuluka, ndinamva amayi akusanza mundowa kuseri kwa chipinda. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndinayamba kuwaonetsetsa, ndipo ndinapeza zachilendo zambiri. Kumutu kwa mphasa yawo kunali chitini cha maputi, chimanga chokazinga chophulika chija agogo ankati mbuliwuli. Akadzuka sankadzutsa mutu. Ankayamba apisa dzanja m'chitinimo, n'kutafuna pang'onopang'ono ali chigonere, maso ali kudenga. Pakona pa chitenje anamangapo khungu la ndimu, ndipo ankalinunkhiza nthawi iliyonse akadutsa pamene madzi a zonyansa ankasefukira mumsewu. Anasiya kukazinga matemba. Chakudya ankangodya pang'ono, koma pafupipafupi, ngati nkhuku.

Sindinawafunse. Kwathu mwana sankafunsa za m'thupi mwa mayi ake, komanso ndinali nditagamula kale mlanduwo ndekha: amayi ali ndi kolera ndipo akubisa. Ndinkaopa kwambiri kuti amwalira.

Tsiku lachinayi ndili pamzere, kutsogolo kwanga kunali mayi wina amene ndinkamuona akuyenda ndi azaumoyo aja. Ndinamukoka chovala n'kumufunsa m'Chishona, mokweza ngati ndikuyankha m'kalasi, kuti munthu wosanza masiku anayi otsatizana amapita naye kuti.

"Ndani ameneyo?" anandifunsa.

"Amayi anga. Aja ogulitsa tomato pageti pa Mai Rudo."

Anthu pamzerepo anayamba kusuntha zigubu zawo kutali nane. Anandilola kutunga ndisanafike pa nthawi yanga, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo nditachoka ndinaona mnyamata akutsuka chogwirira cha mjigo ndi phulusa. Wina kumbuyo anati anthu a m'mafamu ndi choncho, ukhondo saudziwa. Ndinasenza chigubu changa ndikudziona ngati ndapulumutsa munthu.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza mayi wina akubweza tomato amene anagula m'mawa, akumukhuthula patebulo osakhudza dzanja la amayi. Mai Rudo anali ataima pakati pa bwalo, atatseka pakamwa ndi mpango, adzukulu awo atawatsekera m'nyumba. Maloja anzathu, ndiye kuti ena obwereka zipinda pamenepo, anali ataima m'makomo mwawo, amuna ndi akazi omwe.

"Mai Esinati," anatero Mai Rudo, poti Esinati ndine, "chimbudzi pano n'chimodzi. Ine ndili ndi ana. Pitani kumatenti a kolera lero lomwe, ndipo amuna anu akabwera atulutse katundu. Munthu wobisa matenda sindingakhale naye."

Amayi anafunsa kuti wanena zimenezo ndani. Maso onse analoza ine. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, osakwiya, ngati mmene munthu amayang'anira mbale yoti yasweka kale. Kenako anayang'ana chitseko cha chipinda chathu. Tikanachotsedwa pamenepo, ndi mbiri ya kolera pamsana, palibe akanatilandira mu Budiriro monse, ndipo mudzi woti n'kubwererako tinalibe.

Amayi anapotokola kakona ka chitenje kaja.

"Si kolera, mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndili ndi pakati."

Amuna aja anazyolika n'kulowa m'zipinda zawo. Ine ndinangomva kuti si kolera, ndipo ndinasangalala. Kulemera kwa mawu enawo ndinakudziwa patapita zaka. Kwathu pathupi sipalengezedwa, pamadzionetsa pokha miyezi ikakwana. Ndipo amayi anali atapita padera kawiri tili ku famu, kawiri konseko anthu atadziwa msanga. Kaya kunali kugwirizana kapena ayi, iwo anali atalumbira mumtima kuti ulendo uno sauza munthu kupatula bambo. Lumbiro limenelo analiphwanya pabwalo, pamaso pa amuna a eni ake, kuti tisagone panja.

Mai Rudo sanakhulupirire msanga. Anafunsa ngati amayi ankatsekula m'mimba, amayi anati ayi. Analowa m'chipinda mwathu, anatsegula chitini chija, anaona makungu a ndimu pawindo, n'kutuluka atachotsa mpango pakamwa.

"Ineyo pa mimba ya Rudo ndinkasunga mkute wouma pansi pa pilo," anatero. "Komabe tiyeni kukiliniki. Chaka chino munthu sachita kulosera."

Anapita awiriwo wapansi. Namwino anatsimikiza kuti sinali kolera, n'kuchenjeza kuti ngati madzi omwe atayamba kukana kukhazikika m'mimba, abwerere msanga. Pobwerera, Mai Rudo anali ndi kachidutswa ka jinja, iwo ankati tsangamidzi, kamene sindikudziwa anakapeza kuti m'chaka chomwe m'mashopu munali mashelefu okhaokha. Anandiitana.

"Iwe wapakamwa, bwera kuno ugwiritse ntchito manja."

Anandionetsa kusenda jinjayo ndi supuni kuti asawonongeke, kudula tizidutswa tiwiri topyapyala, kuwiritsa m'madzi mpaka fungo litamveka, n'kusiya kuti azizire. Anati ndifinyiremo ndimu pang'ono, ndipo amayi azimwa modontheza, osati kugugudiza, komanso osati pamodzi ndi chakudya. Anati m'mimba mopanda kanthu ndimo nseru imakonda, choncho chitini chisamakhale chopanda maputi. Zokazinga zonse zinasamukira kumoto wa kuseri kwa mpanda, ndipo wokazinga anali ine.

Ndinkayembekezera chikwapu, koma sichinabwere. Madzulo ake amayi ankasankha tomato wobwezedwa uja, kupatula wophwanyika.

"Safunsa anadya phula," anatero osandiyang'ana. "Koma phula la lero tadya tonse. Timagona chipinda chimodzi, Esinati. Ukanangotambasula dzanja n'kundigwedeza."

Nseru sinathe tsiku limodzi. Jinja ankathandiza masiku ena, masiku ena ayi, ndipo inadzasiya yokha patapita milungu ingapo. Ogula nawo anachedwa kubwerera. Ambiri anadikira mpaka mimba itaonekera, ngati kuti chitenje ndicho chikalata cha kuchipatala. Pa miyezi yonseyo ndinkadzuka m'mawa uliwonse kuwiritsa madzi aja ndi mantha amene sindinauze munthu. Ndinali nditamva amayi ena akunong'onezana kuti mimba yotchulidwa msanga sikhala, ndipo ndinkadziwa kuti ikachoka, wachotsa ndine. Mlongo wanga anabadwa dzinja litatha, wamoyo, wolira kwambiri. Lero ndi wamtali kuposa bambo, ndipo nkhaniyi amaimva ngati nthabwala.

Ndikaganiza tsopano, sindiona kuti mantha anga anali olakwika. M'chaka ngati chimenecho munthu wosanza amayenera kupita kuchipatala, ndipo Mai Rudo anachita bwino kuumirira. Cholakwa changa chinali njira imene ndinadutsa: ndinalumpha munthu amene ndinkagona naye pafupi n'kukatula nkhani yake pamzere wa anthu osamudziwa. Koma ndaonanso mbali ina imene amayi sanaitchulepo. Mwana amaona zonse, ndipo akapanda kuuzidwa kanthu amadzipangira yekha yankho, kawirikawiri loopsa kuposa zenizeni.

Chaka chatha ndinali ndi pathupi pachiwiri, ndipo chitini cha maputi chinabwerera kumutu kwa bedi. M'mawa wina ndikutuluka kubafa ndinapeza mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri ataima pakhomo, atagwira kapu ya madzi, maso ali tong'o. Sanafunse kanthu, ndipo kusafunsako ndinakuzindikira. Miyezi inali isanakwane, ngakhale amayi ndinali ndisanawauze. Ndinatseka chitseko, ndinamukhazika pamwendo, n'kumuuza kuti sindikufa.